Chitaganya, Boma ndi Ndalama za Khonsolo: Mafunso a ku Mangochi

Mphunzitsi wina wa sekondale ku Namwera walemba kuti: "Ana andifunsa Chichewa cha federalism. Ena akuti chitaganya, ena akuti fedulo. Ndiwauze liti?"

Aphunzitsi, mawu onse awiri amamveka pakamwa pa anthu, koma kulemera kwake n'kosiyana. Fedulo ndi mawu obwereka, ndipo mlimi wa ku Katuli mukamuuza fedulo ndiye kuti simunamuuze kanthu. Chitaganya ndi mawu athu, kungoti ali ndi chipsera. Agogo athu anawadziwira pa Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chomwe atsamunda anakhazikitsa mu 1953 anthu akuda akukana, likulu lake lili ku Salisbury, komwe lero timati Harare. Pa 3 Malichi 1959 anthu anawomberedwa ku Nkhata Bay pa mkangano womwewu, ndipo chitaganyacho chinatha pa 31 Disembala 1963. Nchifukwa chake mukatchula chitaganya pamaso pa munthu wachikulire, mtima wake umathamangira kwa Roy Welensky, yemwe anali nduna yaikulu ya chitaganyacho, musanamalize n'komwe chiganizo.

Ngakhale zili choncho, ine ndimati tiwasunge mawuwa. Tiziti ulamuliro wa chitaganya, kenako tizifotokoza. Chija chinali kumanga mayiko atatu, omwe lero ndi Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, mtolo umodzi eni ake asakufuna. Cha ku Nigeria, Germany kapena India ndi dziko limodzi lomwe malamulo ake aakulu anagawa mphamvu pakati pa likulu ndi zigawo, moti likulu silingangodzuka m'mawa n'kulanda mphamvu za chigawo. Anawo muwauze zonse ziwiri, chifukwa mbiri ya mawu ndi mbali ya tanthauzo lake.

Bambo wina wogulitsa nsomba pamsika wa Mangochi wafunsa: "Pawailesi ndinamva kuti Nigeria ili ndi maboma 36. Ife tili ndi maboma 28. Ndiye tikusiyana pati?"

Bambo, funso lanu lafika penipeni pomwe Chichewa chimatipunthwitsa. Mawu oti boma timawasenzetsa katundu wa mitundu itatu. Mukati "boma lakweza mtengo wa mafuta", mukunena olamulira dziko. Mukati "ndimachokera m'boma la Mangochi", mukunena dera lonse, kuchokera ku Makanjira mpaka ku Chilipa. Mukati "mawa ndipita ku boma", mukunena tauni yomwe kuli maofesi. Poyamba boma linali linga, ndipo Mangochi yemweyu anayamba choncho mu 1891, akutchedwa Fort Johnston. Asilikali ndi wokhometsa msonkho ankakhala m'lingamo, dzina la mpanda n'kukhala dzina la ulamuliro.

Amene anamasulira nkhani munamvayo anasokoneza. Zinthu 36 za ku Nigeria zija si maboma ngati athu, ndi zigawo zodzilamulira. Chilichonse chili ndi gavanala wosankhidwa ndi anthu, nyumba yake ya malamulo ndi bajeti yake. Pansi pa zigawozo ndi pomwe pali madera 774 okhala ndi makhonsolo, ndipo amenewa ndiwo tingawayerekeze ndi maboma athu. Kuno bwanamkubwa sitimuvotera, amachita kutumizidwa ndi boma la ku Lilongwe, ndipo mphamvu za khonsolo zimachokera m'lamulo la maboma aang'ono la 1998, lomwe aphungu angalisinthe. Zimenezi ndizo timati mphamvu ku anthu, si chitaganya ayi. Zigawo zathu, monga chakummwera, zilibe gavanala kapena nyumba ya malamulo.

Funso lomwe landikhudza kwambiri lachokera kwa mayi wina wa m'komiti ya chitukuko ku Monkey Bay: "Polemba malipoti timati khonsolo yalandira thandizo kuchokera ku boma. Mnzanga akuti tizilemba gawo. Kodi si chimodzimodzi?"

Mayi, mnzanuyo ali ndi khutu labwino. Thandizo amapereka munthu wachifundo, ndipo wolandira amawomba m'manja. Likachedwa simungadandaule mokweza. Gawo ndi lanu kale, ngati pamene asodzi a bwato limodzi akugawana usipa padooko: palibe amene amathokoza mnzake chifukwa chompatsa zake. Ndalama zomwe likulu limatumiza ku khonsolo ndi misonkho yomwe inu nomwe munapereka pogula shuga, sopo ndi mayunitsi. Ndondomeko ya mphamvu ku anthu ya 1998 inanena kuti makhonsolo azilandira ndalama zosachepera K5 pa K100 iliyonse yomwe boma latolera, ndipo bungwe la National Local Government Finance Committee ndilo limayang'anira kagawidwe kake. Chinthu cholembedwa chotere sitingachitche mphatso.

M'mayiko a chitaganya nkhaniyi imafika mpaka kukhoti. Ku Nigeria ndalama zambiri, makamaka za mafuta, zimalowa m'thumba limodzi lotchedwa Federation Account, n'kumagawidwa mwezi ndi mwezi kwa likulu, zigawo ndi makhonsolo. Zigawo zomwe kumachokera mafutawo zimayamba zatapa 13 pa 100 iliyonse ya ndalama za mafuta. Kwa zaka zambiri gawo la makhonsolo linkadzera m'manja mwa magavanala, mpaka mu Julayi 2024 khoti lalikulu la dzikolo linagamula kuti lizipita mwachindunji ku makhonsolo. Womasulira nkhani imeneyi akalemba thandizo, owerenga sangamvetse chomwe anthu ankalimbirana.

Mawu oti thandizo muwasungire ndalama za mabungwe ndi mayiko akunja. Zomwe khonsolo imatolera yokha, monga matikiti a mumsika, ziphaso za malonda ndi msonkho wa nyumba m'tauni, muzilemba kuti ndalama zotolera yokha. Zochokera ku likulu muzilemba gawo la khonsolo, ndipo zikachedwa mulembe kuti "gawo lathu la mwezi uno silinafike", muikepo tsiku, kuti khansala wanu akapite nalo kumsonkhano wa khonsolo.