Kodi ndisiyiretu foni kuti ndiziwerenga?

Wophunzira wina wa ku yunivesite wanditumizira imelo. Akuti tsiku lake limathera pa laputopu ndi pa foni, maso akumuwawa, tulo sakulipeza bwino, ndipo akatsegula buku maganizo amangothawa. Akufunsa ngati kuli bwino kungoisiyiratu foniyo.

Musaisiye ayi. Notsi zanu zili momwemo, anzanu a m'kalasi mumakambirana nawo momwemo. Choyamba tsegulani Screen Time ngati muli ndi iPhone, kapena Digital Wellbeing ngati ndi Android, muone kuti nthawiyo ikupita ku chiyani. Chiwerengero chonse cha maola chisakuopseni. Maola atatu olemba asayimenti ndi maola atatu oonera timavidiyo ta pa TikTok si chinthu chimodzi, ngakhale foni imawaphatikiza.

Za maso n'zosavuta. Tikamayang'ana sikirini timaphethira mocheperapo kusiyana ndi nthawi zonse, n'chifukwa chake maso amauma n'kumayabwa. Madokotala a maso amalangiza lamulo la 20-20-20: pakatha mphindi 20 zilizonse, yang'anani chinthu chakutali pafupifupi mamita 6 (mafiti 20) kwa masekondi 20. Akapitiriza kuwawa, kapimitseni.

Pamene pandidetsa nkhawa ine ndi pa tulo. Munthu wamkulu amafunika kugona maola 7 mpaka 9, ndipo ubongo umakhazikitsa zimene mwawerenga masana pamene muli m'tulo. Ndiye wophunzira amene wachezera pa foni mpaka 2 koloko usiku waluza kawiri: nthawi yapita, zimene anawerenga nazo sizikhala. Anthu amakonda kunena za kuwala kwa sikirini, ndipo n'zoona kuti kuwala usiku kumachedwetsa homoni ya tulo yotchedwa melatonin. Koma ine ndimaona kuti wolakwa wamkulu ndi mmene mapulogalamuwa anapangidwira. Buku lili ndi tsamba lomaliza. Facebook ndi TikTok zilibe pothera. Mukakankha chala, china chatulukira kale. Aza Raskin, amene anayambitsa kapangidwe kameneka mu 2006, pambuyo pake ananena poyera kuti amanong'oneza nako bondo. Choncho musamadzione ngati waulesi. Mukulimbana ndi chinthu chimene akatswiri anachikonza dala kuti musachisiye.

N'chifukwa chake kungolimba mtima sikukwanira, pamafunika kuitalikira foniyo. Usiku izitchajidwa kutali ndi bedi, poti simungafike ndi dzanja muli chigonere. Ngati ndi imene imakudzutsani, bola, mudzadzuka ndithu kuti mukaizimitse. Powerenga ikhale m'chikwama, osati chafufumimba patebulo, chifukwa ikangonjenjemera mtima wapita kale. Zimitsani manotifikeshoni onse kupatula mafoni obwera ndi mameseji a anthu ochepa ofunika.

Yambani ndi za usikuzo kwa sabata imodzi, zinazo zidikire. Mukandilemberenso mundiuze kuti mukumagona nthawi yanji.