Mmene makoleji a ku America amazondera timu yomwe akumana nayo

Achimwene, funso lanu ndinaliona dzulo usiku, koma ndinati ndidikire kaye ndipeze mpata chifukwa mizere iwiri sikanakwana. Mwafunsa kuti matimu a basketball a m'makoleji kuno ku America amakonzekera bwanji timu yomwe akasewere nayo, komanso ngati n'zoona kuti amatuma munthu kukabisala pakati pa ochemerera n'kumalemba chilichonse. Ine ndinathandizapo timu ya koleji yomwe ndinkaphunzira kwa zaka ziwiri. Amati student manager, dzina lokoma, koma theka la ntchito yake ndi kuchapa majezi ndi kunyamula madzi. Theka linalo ndinkakhala pa kompyuta ndi wachiwiri kwa kochi, tikudula kanema wa adani mpaka maso kuwawa.

Za kutuma mzondi zija, mu Division I, gawo lapamwamba la NCAA (bungwe loyendetsa masewero a m'makoleji), n'zoletsedwa kuyambira 1994. Simungatumize munthu kukaonera gemu ya timu yomwe mudzasewere nayo chaka chomwecho, pokhapokha ngati nonse muli pa mpikisano umodzi m'bwalo limodzi. Chifukwa chake chinali ndalama: masukulu olemera ankatha kulipira ndege ndi hotelo sabata iliyonse, pomwe ang'onoang'ono ankangoyang'ana. Ngati munamvako za phokoso la timu ya American football ya Michigan mu 2023, lamulo lake linali lomweli. Ndiye kuzonda konse kumachitika pa kanema ndi pa manambala.

Makochi othandizira amagawana matimu nyengo isanayambe. Wina akangouzidwa kuti gemu ya Loweruka ndi yake, amayamba kuonera magemu angapo omaliza a timuyo, ndipo ngati tinasewerapo nayo kale, gemu imeneyo ndiyo amaibwereza kwambiri. Pali kampani yotchedwa Synergy yomwe imaduladula gemu iliyonse m'tizigawo. Mukafuna kuona nthawi zonse zomwe wosewera nambala 4 anachita pick and roll (mnzake kumutchingira mdani womulondera) n'kulowera kumanzere, mumangodina, zonse zabwera motsatizana. Pa manambala ambiri amatsegula tsamba la Ken Pomeroy, lomwe aliyense amangoti KenPom. Ubwino wake ndi wakuti siliwerenga mapointi pa gemu, limawerenga mapointi pa maulendo 100 omwe timu yagwira mpira. Timu yothamanga imagoletsa zambiri chifukwa imaponya kambirimbiri, osati chifukwa imadziwa kuponya, ndipo mukangoona mapointi pa gemu mupusitsika. Palinso zinthu zinayi zomwe Dean Oliver, katswiri wa manambala a basketball, anaonetsa kuti ndizo zimapambanitsa gemu: kulowetsa mpira mukaponya, kusataya mpira, kutola ma rebound (mpira woponyedwa womwe sunalowe), ndi kupeza ma free throw (kuponya mosatchingidwa mutachitiridwa fawulo). Kochi wathu ankayamba ndi zinayi zimenezi kuti adziwe pomwe adani ali olimba ndi pomwe pali mng'alu.

Koma manambala amangokulozerani khomo. Ntchito yeniyeni ili pa munthu mmodzimmodzi. Kodi uyu akafuna kulowa pansi pa ringi amadalira dzanja liti? Ukamukankhira kumanzere amapitabe, kapena amaima n'kuponya ali wopendekeka? Wamtali wawo akalandira mpira atafulatira ringi amatembenukira phewa liti? Ndani amene tingamuchite fawulo dala mphindi yomaliza chifukwa ma free throw amamuvuta, ndipo ndani amene tisamukhudze n'komwe? Ku koleji mafawulo 5 watuluka, ndiye ngati wamtali wawo amakonda kudumphira chilichonse, mumamuyendera dala m'mphindi zoyamba kuti akakhale pa benchi ndi mafawulo awiri chigawo choyamba chisanafike pakati.

Ntchito yomwe ine ndinkaikonda inali yomvetsera. Tinkakweza voliyumu n'kumatchera khutu zomwe kochi wawo akukuwa, kapena kuona chizindikiro chomwe woyendetsa mpira akupanga ndi dzanja. Akagwira chibwano ndiye kuti akuchita chakuti, akakweza chibakera ndiye chakuti. Tikapeza, tinkalemba, ndipo tsiku la gemu benchi yathu yonse inkakuwa dzina la seweroyo iwo asanayambe n'komwe. Si kuba ayi, aliyense amachita, ndipo n'chifukwa chake makochi ochenjera amasintha mayina gemu ikakhala yaikulu. Malo ena ofunika kuwaonetsetsa ndi pomwe akuyambitsa mpira kuchokera kunja, pansi pa ringi yanu, komanso sewero loyamba akangochoka pa timeout. Apa ndi pomwe matimu amapeza mapointi aulere kwa anthu ogona.

Zikatha izi pamabwera scout team. Amatenga anyamata omwe sasewera kawirikawiri, kuwaveka majezi a mtundu wina okhala ndi manambala a adani, n'kuwaphunzitsa masewero a timu inayo. Mnyamata yemwe pa gemu yeniyeni salowa n'komwe amauzidwa kuti lero iwe ndiwe katswiri wawo, ponya mmene ungafunire. Anyamata amenewa amasangalala zedi masiku awiriwo. Cholinga n'chakuti osewera enieni aone ndi miyendo yawo zomwe aona pa kanema.

Tsopano ndikuuzeni pomwe ndinaphunzirira. Ulendo woyamba wachiwiri kwa kochi atandilola kulemba lipoti la osewera, ndinadzipereka. Ndinalemba masamba ambirimbiri, chilichonse chomwe ndinaona, mpaka mmene wina amapukutira manja asanaponye free throw. Kochi wamkulu analitenga, n'kulitembenuza kawiri, n'kundifunsa kuti, "Mnyamata amene wathamanga mphindi 30, mtima ukugunda m'makutu, akumbukira chiyani pa zonsezi?" Ndinasowa choyankha. Anatenga cholembera n'kudula mpaka wosewera aliyense anatsala ndi mizere itatu. Zinandipweteka, ndinali nditagona mochedwa masiku atatu. Koma wotchi yoponyera imangopatsa timu yomwe yagwira mpira masekondi 30 kuti iponye, ndipo wotchinga amene akuganiza kaye kuti papepala paja panalembedwa chiyani amakhala atadutsidwa kale. Lipoti lalitali ndi la makochi. La osewera liyenera kukwana m'mutu mwa munthu wotopa.

Ndipo kudula kumeneku sikungofupikitsa chabe, ndi kusankha. Simungatseke chilichonse. Mumasankha chinthu chimodzi kapena ziwiri zomwe mukufuna kuwalanda, kenako mumavomera mumtima kuti chinacho mukuwapatsa, akakugonjetsani nacho ndiye kuti anayenera. Chitsanzo chomwe ndimachikonda ndi cha pa 17 March 2023, Fairleigh Dickinson itakumana ndi Purdue mu March Madness, mpikisano waukulu wa makoleji womwe timu ikagonja imatuluka. Purdue inali nambala 1 m'chigawo chake, ili ndi Zach Edey, chimunthu chotalika mamita 2.24. Fairleigh Dickinson inali nambala 16, yotsiriza m'chigawocho, ndipo inali timu ya anthu aafupi kuposa ina iliyonse mu Division I chaka chimenecho. Papepala panalibe gemu. Kochi wawo, Tobin Anderson, anali atauza kale anyamata ake kamera zikujambula kuti akamaionera Purdue mobwereza akukhulupirira kwambiri kuti angathe kuigonjetsa, ndipo ambiri anamuseka. Chomwe anaona n'chakuti oyendetsa mpira a Purdue anali anyamata a chaka choyamba omwe amavutika ukawapanikiza bwalo lonse, komanso kuti chilichonse chimadutsira kwa Edey. Ndiye anawapanikiza kuyambira kutali, n'kumuunjirira Edey anthu awiri, wina kutsogolo wina kumbuyo, n'kusiya ena a Purdue ali okhaokha kunja. Kunali kunena kuti ponyani, tione. Purdue inaponya ma three (mipira yoponyera patali ya mapointi atatu) 26, analowa 5 okha. Edey anagoletsabe mapointi 21, sanamutseke ayi, koma gemu inatha 63-58. Taganizani, akanalowa ma three atatu ena okha, bwenzi lero tikunena kuti Anderson anachita zamisala posiya anthu osawamaka. Kuzonda sikukupatsani chitsimikizo, kumangokuuzani pomwe mungabetche.

Ndisakunamizeni kuti kudziwa ndiye kupambana. Kochi Jim Boeheim ankagwiritsa ntchito zone ya 2-3 (otchinga awiri kutsogolo, atatu kumbuyo, aliyense akulondera malo osati munthu) ku Syracuse kwa zaka zambirimbiri, mwana aliyense ankadziwa kuti akupita kukakumana nayo, koma anatenga nayo chikho mu 2003. Scout team yanu ikhoza kuima malo omwewo, koma siingabwereke manja aatali a anyamata a Syracuse. Chimodzimodzi Princeton ya kochi Pete Carril: dziko lonse linkadziwa kuti amakonda kuzembera kumbuyo kwa wotchinga n'kulandirira mpira pansi pa ringi, koma mu 1996 anagonjetsa UCLA, yomwe inali itatenga chikho chaka chapitacho, 43-41, ndi sewero lomwelo m'masekondi omaliza. Ndiye ine ndimakhulupirira kuti kochi amene amathera sabata yonse pa masewero a adani, n'kuiwala kukonza a timu yake, wataya. Kwathu masiku awiri okonzekera ankagawidwa, ndipo gawo lalikulu linkakhalabe la ife eni.

Mu March Madness zimafika povuta chifukwa mukapambana Lachinayi mukusewera Loweruka, mukapambana Lachisanu mukusewera Lamlungu. Tsiku limodzi lokha pakati. N'chifukwa chake mayina a matimu akangolengezedwa, wothandizira mmodzi amatenga timu yoyamba, ena awiri amagawana matimu awiri omwe mungakumane nawo mukadutsa. Mmodzi wa awiriwo amagwira ntchito usiku ndi usana pa lipoti lomwe palibe adzaliwerenge.

Mwanena kuti mumaphunzitsa anyamata kumudzi kwanuko ndipo mulibe Synergy. Musadandaule, lamulo la NCAA lija silikukukhudzani, mukhoza kupita nokha kukaonera, zomwe makochi a kuno amazisirira. Khalani pamwamba pang'ono, osati m'mbali mwa bwalo, kuti muone onse khumi. Chigawo choyamba musatsatire mpira ndi maso, onani omwe alibe mpira, chifukwa ndi pomwe sewero limaonekera. Lembani yemwe amaponya zinthu zikavuta, dzanja lomwe awiri awo abwino amadalira, chomwe amachita poyambitsa mpira pansi pa ringi, ndi yemwe amachedwa kubwerera kukatchinga akataya mpira. Womalizayu timu iliyonse ili naye. Ngati muli ndi mnzanu wa foni yabwino, ajambule ataima malo amodzi, asamayendetse kamera kutsatira mpira ngati akujambula ukwati. Mukabwerako sankhani zitatu zokha zoti muwauze anyamata anu, ndipo Lachisanu pa training mutenge asanu a pa benchi asewere ngati adaniwo kwa mphindi 15.