Didgeridoo ya nsungwi kwa munthu wongoyamba: yankho kwa mwerengi wa ku Perth

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mmodzi wa awerengi athu amene akuchita maphunziro ku Perth, m'dziko la Australia. Iwo akuti anaona didgeridoo (choimbira chachitali chouzira, chokhala ngati lipenga) ya nsungwi m'sitolo ina yogulitsa zinthu za alendo, yopakidwa timadontho tokongola ndiponso yotchipa kwambiri poyerekeza ndi za bulugama zimene zinali pambali pake. Akufunsa ngati ya nsungwi ili yoyenera munthu wongoyamba kumene, mmene angayambire kuiliza popeza sanagwirepo lipenga la mtundu uliwonse, komanso ngati n'zoona zimene mnzawo anawauza zakuti akadzapita nayo kumudzi idzang'aluka mwezi usanathe. Ndikuyankhani pano, achimwene, chifukwa funso lanu likhoza kuthandizanso ena.

Ndiyambe ndi kuchotsa maganizo akuti nsungwi ndi chinyengo. Choimbira chimenechi kwawo ndi kumpoto kwa Australia, makamaka ku Arnhem Land m'chigawo cha Northern Territory, kumene anthu a mtundu wa Yolngu amachitcha yidaki, pamene a kumadzulo kwa dera lomwelo amati mago. Zambiri zimene eni ake amapanga masiku ano n'za mitengo ya bulugama imene chiswe chadya mkati n'kusiya mphako: mmisiri amayenda m'tchire akugogoda mitengo, ndipo akamva kuti wina ukulira ngati wopanda kanthu mkati, ndiye amaudula, kuusenda ndi kuuyeretsa. Komatu kumpoto komweko, m'mbali mwa mitsinje monga Adelaide ndi Daly, kumamera nsungwi yachilengedwe imene akatswiri a zomera amaitcha Bambusa arnhemica, ndipo anthu a kumeneko akhala akupangira zoimbira zawo nsungwi imeneyi kuyambira kale. Choncho nsungwi payokha siichititsa manyazi choimbiracho.

Chimene muyenera kuchenjera nacho ndi utoto umene wakukopaniwo. Kujambula kwa timadontho kunatchuka kuchokera kwa ojambula a m'chipululu cha pakati pa Australia, ku Papunya, kuyambira mu 1971, ndipo kumeneko n'kutali kwambiri ndi kwawo kwa yidaki, kumene ojambula amakonda timizere topingasana. Didgeridoo zambiri za nsungwi za timadontho zimene zimadzaza m'masitolo a alendo zimapangidwa ku Indonesia. Mu 2019 khoti la Federal Court ku Australia linalipiritsa kampani ya Birubi Art ndalama zokwana madola a ku Australia 2.3 miliyoni chifukwa chogulitsa zinthu zopangidwa ku Indonesia, kuphatikizapo ma didgeridoo, mosonyeza ngati zinajambulidwa ndi ma Aborigine, eni nthaka a ku Australia. Kugula ya ku Indonesia kuti muphunzirirepo si mlandu, bola mudziwe chimene mwagula, musalipire mtengo wa ntchito ya eni ake pa chinthu chimene iwo sanachikhudze, ndipo mukafika nayo kumudzi musakauze anthu kuti inachokera m'manja mwa mkulu wa ku Arnhem Land. Tsiku limene mudzafune yidaki yeniyeni, malo monga Buku-Larrnggay Mulka ku Yirrkala amagulitsa zopangidwa ndi amisiri odziwika mayina awo, ndipo ndalama imafika kwa iwo.

Mukabwerera m'sitolomo, iwalani kaye maonekedwe ndipo muyambe ndi kutalika. Kwa munthu wongoyamba, ya pakati pa mita 1.2 ndi 1.3 ndiyo yabwino, chifukwa nsungwi ili ngati paipi yowongoka ndipo liwu lake limatsata kutalika kwake: ya mita 1.2 imalira pafupi ndi kiyi ya D, ya mita 1.3 pafupi ndi C, ndipo makiyi amenewa safuna milomo yolimba kapena mpweya wochuluka. Zazifupi zosafika mita imodzi, zimene alendo amazikonda chifukwa zimalowa m'sutikesi, zimalira mokwera ndipo zimavuta kuziliza, moti zambiri zimathera pakhoma ngati chokongoletsera. Kenako yang'anani mkati mutawalitsa tochi ya foni. Nsungwi ili ndi mfundo, ndipo pa mfundo iliyonse pamakhala chotchinga chimene opanga amachiboola ndi chitsulo. Ngati anangoboola kabowo n'kusiya zotsala zambiri m'mbali, liwu limatuluka lotsamwa. Menyani kukamwa kwake ndi chikhatho chotambasula: yabwino imayankha ndi liwu lomveka, la m'mimba, pamene yong'aluka imangoti phwa. Tsatani ndi chala m'litali mwake monse, makamaka kumapeto konse kuwiri ndi pa mfundo, kufufuza timing'alu tobisika pansi pa vanishi, ndipo mukaona timabowo ting'onoting'ono tokhala ndi ufa, isiyeni, chifukwa tizilombo tofukuta tayamba kale ntchito yake.

Pali chinthu chimodzi chimene ogulitsa sakonda kuchitchula, koma ndicho chimasiyanitsa choimbira ndi chokongoletsera. Pamene mukuliza didgeridoo yabwino mumamva ngati mpweya wa mkatimo ukukankha milomo yanu pang'ono, ndipo kukankha kumeneko ndiko kumathandiza milomo kunjenjemera popanda kuwononga mpweya. Nsungwi yotakata kwambiri mkati siikankha, imangomeza mpweya wonse ngati mukuuzira m'mgolo, ndipo wongoyamba amatopa m'masekondi ochepa n'kuyamba kudziimba mlandu. Pa chifukwa chimenechi sankhani yopapatiza mbali ya kukamwa osati yonenepa yooneka yaulemu, ndipo bowo limene milomo imalowamo likhale la pafupifupi masentimita atatu. Ngati nsungwiyo ndi yotakata kuposa pamenepo, bowolo amalichepetsa ndi phula la njuchi. Mumafewetsa phulalo m'madzi otentherako, kuliumba ngati kachingwe konenepa ngati chala, kulizunguliza pakamwa pa nsungwi ndi kulikanikiza mpaka pasakhale podutsa mpweya. Musayese phula la kandulo, chifukwa limauma gwa n'kumatheteka.

Tsopano za kuiliza. Cholakwa choyamba cha pafupifupi aliyense, kuphatikizapo ine pamene ndinkayamba, ndicho kuuzira mwamphamvu ndi milomo yokungika ngati munthu woliza vuvuzela pa bwalo la mpira. Didgeridoo imafuna zosiyana ndi zimenezo. Musanaigwire n'komwe, lekererani milomo yanu ikhale lobodo, ndipo tulutsani mpweya pang'onopang'ono mpaka milomo iyambe kupupuma, monga amachitira mwana akamayerekeza kulira kwa galimoto yake ya mawaya. Mukatha kusunga phokoso limenelo kwa masekondi angapo, ikani milomo m'phula muja, mutseke m'mbali monse, ndipo bwerezani zomwezo. Poyamba padzatuluka maphokoso ochititsa manyazi, ndipo ndi bwino kuyesera anzanu a m'nyumba atachoka, koma nthawi ina mudzangomva nsungwi yonse ikunjenjemera m'manja mwanu ndi liwu lakuya losadukiza. Likabwera, chepetsani mpweya m'malo moonjezera, kufikira mutapeza mpweya wochepetsetsa umene ungalisunge. Ena amailiza ndi pakati pa milomo, ena chakumbali, ndipo njira zonse ziwiri zimagwira ntchito.

Liwu lakuyalo likakhazikika, zokometsera zonse zimachokera m'kamwa mwanu osati m'nsungwi. Milomo ikupitiriza kunjenjemera, umbani kamwa ngati mukunena kuti "iii" kenako "ooo" popanda kutulutsa mawu, ndipo mudzamva kaliwu kakuthwa kakukwera ndi kutsika pamwamba pa liwu lakuya lija. Lilime likamagunda kuseri kwa mano apamwamba monga ponena "da" kapena "di", limadula liwulo m'zigawo ndipo kugunda kwa nyimbo kumayambira pamenepo. Mukhozanso kufuula kapena kung'ung'udza ndi mawu anu enieni muli mkati moliza, ndipo umu ndi mmene oimba amatsanzirira kulira kwa galu wam'tchire wotchedwa dingo kapena kuseka kwa mbalame ya kookaburra.

Chimene chimadabwitsa aliyense woonerera ndicho chakuti woimba amailiza kwa mphindi zambiri osaima kuti apume, ndipo anthu ena amaganiza kuti amakoka ndi kutulutsa mpweya wa m'mapapo nthawi imodzi, zimene thupi silingathe. Chinsinsi chili m'masaya. Ganizani za mvukuto wa osula zitsulo: thumba limadzazidwa mpweya, ndipo likafinyidwa moto umapitiriza kuyaka. Woimba amasunga mpweya pang'ono m'masaya, amatseka kukhosi ndi kumbuyo kwa lilime, ndipo pa kamphindi kamene masaya ndi lilime zikufinyira mpweya umenewo m'nsungwi, iye amakoka mpweya watsopano msangamsanga kudzera m'mphuno, kenako amatsegulanso kukhosi mapapo n'kupitiriza ntchito. Kuti thupi limvetse zimenezi, yambani ndi madzi. Imani panja kapena m'bafa, dzazani madzi m'kamwa, ndipo muwalavule ngati kamtsinje kakang'ono pofinya masaya, uku mukukoka mpweya ndi mphuno. Mudzaona kuti n'zotheka ndithu, chifukwa madziwo sakukankhidwa ndi mapapo. Mukazolowera, tengani kapaipi komwera zakumwa, mukafinye pang'ono ndi zala kuti mpweya usamatuluke wambiri, mukaviike m'kapu ya madzi, ndipo yesetsani kuti thovu lisaleke kutuluka ngakhale pamene mukukoka mpweya.

Povuta penipeni ndi polumikizira, pamene mpweya wa m'masaya ukutha ndipo wa m'mapapo uyenera kulowa m'malo mwake, chifukwa pamenepo liwu limaduka kwa milungu ingapo ngakhale mutachita zonse molondola. Langizo langa ndi lakuti musadikire kuti mpweya ukuthereni musanakoke wina, ndiponso musakoke wambiri nthawi imodzi. Kokani pang'ono koma kawirikawiri, ngati munthu wonunkhiza ndiwo pa moto. Ambiri amadabwa kupeza kuti vuto lawo si kuchepa kwa mpweya koma kuchuluka kwake, chifukwa amangokoka osatulutsa wokwanira, chifuwa chimadzaza ndipo mutu umayamba kuzungulira. Chizungulire chikabwera, imani, khalani pansi ndipo mupume bwinobwino. Mphindi 15 kapena 20 tsiku lililonse zimapindula kuposa maola atatu Loweruka lokha. Ndingowonjezera kuti kumapeto kwa 2005 magazini ya zachipatala ya British Medical Journal inafalitsa kafukufuku wa ku Switzerland wa anthu 25 ovutika ndi kubanika m'tulo, ndipo amene anaphunzira didgeridoo kwa miyezi inayi anayamba kusinza mocheperapo masana. Chondisangalatsa ine m'nkhaniyo n'chakuti zoimbira zimene anapatsidwa zinali za pulasitiki, umboni wakuti pophunzira kupuma kumeneku mtundu wa mtengo si nkhani yaikulu.

Mnzanu uja sananame kwenikweni, chifukwa nsungwi imang'aluka msanga kuposa bulugama, ndipo ine yanga yoyamba inandithera m'galimoto. Ndinaisiya pa mpando wakumbuyo masana a tsiku lotentha nditangomaliza kuiliza, ndipo pobwerako ndinapeza phula litasungunukira pa mpando ndi mng'alu wautali ngati dzanja langa kuyambira kumunsi mpaka pa mfundo yoyamba. Chimene chimachitika n'chakuti mitsempha ya nsungwi imayenda m'litali mokhamokha, popanda yopingasa yoimanga, ndipo mpweya wanu wofunda ukanyowetsa mkati pamene kunja kukuuma ndi dzuwa, mkati mumatupa, kunja kumakhwinyata, ndipo nsungwi imatseguka motsata mitsempha ija. Mdani wake si kutentha kokha kapena chinyezi chokha, koma kusintha kwadzidzidzi. N'chifukwa chake masiku oyamba muyenera kuiliza kwa mphindi zochepa kuti izolowere chinyezi, mukamaliza muiimike chilili kukamwa kuli m'mwamba kuti malovu atsike, ndipo muisunge pa mthunzi podutsa mphepo, kutali ndi windo lolowa dzuwa, mbaula kapena makina otenthetsera m'nyumba. Mwina mudzaona pa makanema oimba a ku Arnhem Land akuthira madzi m'yidaki zawo kuti timing'alu titsekeke ndi liwu limveke bwino. Zimenezo zimayenera bulugama wawo, koma pa nsungwi youma yopakidwa vanishi kunja kokha, mungathe kuing'alula ndi manja anu.

Pali zinthu ziwiri zimene mungachite isanang'aluke n'komwe. Choyamba ndi kutseka mkati ndi mafuta opaka matabwa otchedwa linseed: mumatseka kumunsi, kuthiramo pang'ono, kuizunguza kuti afike ponseponse, kukhuthula otsala ndi kuisiya masiku angapo kuti iume musanaikenso pakamwa, ndipo nsanza imene mwapukutira mafutawo muiyanike poyera chifukwa ikaunjikidwa ikhoza kudziyatsa yokha. Chachiwiri ndi kuimanga mwamphamvu ndi chingwe cholimba kumapeto konse kuwiri ndi pafupi ndi mfundo, n'kupakapo guluu wa matabwa, kuti mng'alu ukayamba usapeze njira yopitirira. Ukapezeka kale, kang'ono mumangokatseka ndi phula, koma waukulu umafuna guluu wa matabwa kapena guluu wamphamvu wa epoxy, kenako chingwe pamwamba pake. Yanga ija ndinaikonza motero ndipo ikulirabe, ngakhale kuti maonekedwe ake sangakope munthu. Paulendo wopita kumudzi muikulunge m'nsalu yochindikala kapena m'bulangete, ndipo mukafika, makamaka ngati ndi mu Okutobala dzuwa lili pamutu, muisiye yokulungidwa masiku awiri kapena atatu m'chipinda chozizira musanaionetse kwa abale. Iwo adzafuna kuyesa aliyense, choncho pukutani phulalo munthu asanapatsire mnzake, ndipo wa zilonda pamilomo ayambe wachira.

Popeza mukukhala m'dziko la eni ake, dziwaninso kuti kwa iwo yidaki si choseweretsa: imayenda limodzi ndi nyimbo za makolo ndi timitengo togogoda totchedwa bilma, pa miyambo amene amailiza ndi amuna, ndipo ma Aborigine ena sakondwera kuona akazi akuiliza, ngakhale kuti maganizo pa nkhaniyi amasiyana dera ndi dera. Mukadzaitanidwa ku mwambo kapena chikondwerero chawo, yanu ya nsungwiyo muisiye kunyumba pokhapokha iwo atakupemphani kuti mubwere nayo. Ngati mukukayikabe zogula, pitani ku sitolo ya zomangira mukadulitse paipi ya madzi ya PVC ya mamilimita 40, yotalika mita 1.2, muiike phula kukamwa ndipo muiyese kwa milungu iwiri. Liwu lakuya lija likabwera pamenepo, mudzabwerera m'sitolo muja mukudziwa kale chimene milomo yanu ikufuna kumva mu nsungwi iliyonse imene mudzanyamule.