Ndingasankhe bwanji munthu wokhulupirika wochita lendi?

Funso: Ndamanga nyumba ziwiri za lendi ku Kamuzu Road, m'tauni ya Salima. Ndingadziwe bwanji munthu amene sadzandivutitsa pa malipiro? — Mayi wa ku Salima

Yankho: Mayi, musathamangire kupereka makiyi kwa aliyense amene wafika ndi ndalama m'manja. Mufunseni kumene ankakhala kale, ndipo mukacheze ndi mwini nyumba wakaleyo, chifukwa ndi amene akudziwa ngati munthuyo ankalipira pa nthawi yake ndiponso ngati anasiya zitseko ndi mawindo zili bwino. Ganiziraninso kumene amapeza ndalama. Mphunzitsi amalandira malipiro mwezi ndi mwezi, pamene wogulitsa usipa wa ku Senga Bay amavutika nyengo ya mwera asodzi akamalephera kulowa panyanja, choncho ndi bwino kugwirizana naye kuti azilipira miyezi itatu pakamodzi malonda akamayenda.

Mgwirizano ukhale wolembedwa ndi wosainidwa pamaso pa mboni, ndipo utchule amene azilipira bilu ya Central Region Water Board ndi mayunitsi a ESCOM. Pa tsiku lolowa, lembani limodzi manambala a pa mita ya madzi. Ngakhale wolowayo atakhala m'bale wanu, asaine ndithu, ndipo muzimupatsa lisiti nthawi iliyonse akalipira.