Turner muwerengeni, koma musamumeze wathunthu

Achimwene, mwafunsa ngati n'koyenera kuwerenga Frederick Jackson Turner, katswiri wa mbiri yakale ya dziko la America, pomwe aphunzitsi ambiri masiku ano amamutsutsa. Ine ndikuti muwerengeni ndithu, chifukwa omutsutsawo simungawamvetse musanamve zimene iye ananena.

Bamboyu anabadwira ku Portage, m'chigawo cha Wisconsin, mu 1861. Maphunziro apamwamba anamalizira ku Johns Hopkins mu 1890, n'kuphunzitsa ku yunivesite ya Wisconsin mpaka 1910, kenako ku Harvard. Chinamutchukitsa ndi kankhani kamene anawerenga ku Chicago mu 1893 pamsonkhano wa akatswiri a mbiri yakale. Kalembera wa 1890 anali atangoonetsa kuti mzere wolekanitsa madera odzaza azungu ndi madera a kumadzulo amene anali asanakhazikikemo sukuonekanso pamapu. Turner anati pamenepo chigawo choyamba cha mbiri ya America chatha. Mfundo yake inali yoti khalidwe la Amereka, monga kudzidalira, kukonda ufulu ndi demokalase, silinangochokera ku Ulaya, koma linaumbika pamene anthu ankasunthira kumadzulo, kugwetsa nkhalango, kuswa mphanje n'kuyamba moyo watsopano mbadwo ndi mbadwo.

Vuto lagona pa malo amene iye ankati ndi aulere. Aulere kwa yani? Lamulo la 1862 linkapatsa munthu maekala 160 akalimapo zaka zisanu, inde, koma nthakayo inali ndi eni ake. Mu Disembala 1890, chaka cha kalembera yemweyo, asilikali a boma anapha anthu ambirimbiri a mtundu wa Lakota ku Wounded Knee, amayi ndi ana omwe. Kwa Turner eni nthaka anali ngati chopinga panjira basi. Amayi, anthu akuda, a ku Mexico ndi Atchaina amene anamanga njanji sawoneka kwenikweni m'nkhani yake.

Mabuku sanalembe ambiri, ndipo osindikiza ankatopa naye kudikira. Nkhani ya 1893 ija muipeza koyambirira kwa The Frontier in American History la 1920. Mphotho ya Pulitzer inabwera mu 1933, iye atamwalira kale mu 1932, ndipo inali ya buku lina lokamba za kusiyana kwa zigawo za dzikolo.

Mukamaliza nkhani imeneyo, tengani The Legacy of Conquest la Patricia Limerick la 1987. Mayiyu amalemba mbiri ya kumadzulo ngati nkhani ya kulanda dziko, ndipo pa mayeso aphunzitsi adzafuna muonetse pamene awiriwa akusemphana.