Mafunso ndi Mayankho: Kodi ndisiye ntchito ndikachite mastazi ya zamalamya ndi manetiweki?

FUNSO

Akonzi, ndinamaliza digiri yoyamba ya uinjiniya wa zamalamya zaka zitatu zapitazo, ndipo ndimagwira ntchito pa kampani ina yosamalira nsanja za mafoni m'chigawo cha kummwera. Tsiku ndi tsiku ndimakwera nsanja, kulumikiza nthambo za faiba zikaduka, ndiponso kuona ngati majenereta ali ndi dizilo. Anzanga angapo amene tinaphunzira limodzi anapita kunja kukachita mastazi, ndipo nanenso mtima wayamba kundikoka. Kodi pa mastazi imeneyi amaphunzira chiyani kwenikweni, ndipo ndi kuti kumene ndingapite? Nanga moyo wa pa yunivesite umakhala wotani kwa munthu wapabanja ngati ine, popeza ndili ndi mkazi ndi mwana mmodzi?

Wowerenga wa ku Chilomoni, Blantyre

YANKHO

Zikomo achimwene chifukwa cha kalata yanu. Ndiyambe ndi chimene chimadzidzimutsa anthu ambiri ochokera kuntchito: mastazi ya zamalamya ndi manetiweki si kupitiriza zimene mumachita pa nsanja. Manja amapumula, mutu ndi umene umakhetsa thukuta. Mudzakumana ndi masamu ofotokoza momwe mafunde a wailesi amafookera akamadutsa m'mapiri, m'mitengo ndi m'zipupa za nyumba, masamu owerengera nthawi imene mauthenga amadikira pa rauta (chipangizo chotsogolera mauthenga kumene akupita) anthu akachuluka pa netiweki, ndiponso njira zobwezeretsera uthenga umene wawonongeka panjira popanda kuutumizanso. Zambiri mudzaziyesa pa kompyuta pogwiritsa ntchito mapulogalamu monga MATLAB, Python kapena ns-3, choncho ngati munaiwala kulemba mapulogalamu, yambani kudzikumbutsa panopa musanapemphe malo. Ndinenenso mosabisa kuti ngati cholinga chanu n'kungokwezedwa kuchoka ku nsanja kupita ku ofesi yoyang'anira netiweki, satifiketi za Cisco, kampani yopanga zipangizo za netiweki, monga CCNA ndi CCNP zingakufikitseni kumeneko msanga ndiponso motchipa. Mastazi imayenera munthu amene akufuna kupanga mapulani a netiweki, kuphunzitsa pa yunivesite, kuchita kafukufuku, kapena kugwira ntchito yokonza malamulo m'bungwe ngati MACRA, loyang'anira zamalamya ndi mauthenga m'dziko muno.

Mastazi ilipo mitundu iwiri. Mtundu woyamba ndi wa m'kalasi, umene ku Britain umatenga chaka chimodzi: mumaphunzira, kulemba mayeso, kenako kuchita kafukufuku wamfupi m'miyezi yomaliza. Mtundu wachiwiri ndi wa kafukufuku, wofala ku South Africa m'mayunivesite ngati Wits, Cape Town ndi KwaZulu-Natal, ndipo nthawi zambiri umatha zaka ziwiri. Pa mtundu wachiwiriwu, munthu amene adzakuyang'anireni pa kafukufuku ndi wofunika kuposa dzina la yunivesite. Mphunzitsi wotchuka amene ali ndi ophunzira ochuluka kwambiri angathe kusunga chaputala chanu miyezi yambiri osachiwerenga, pamene fizi ndi lendi sizikudikira. Werengani zimene mphunzitsiyo wasindikiza posachedwapa, fufuzani ngati ophunzira ake amamaliza pa nthawi yake, ndipo mukamamulembera kalata musangonena kuti mumakonda zamalamya. Muuzeni vuto lenileni limene mukufuna kulifufuza.

Apa ndi pamene inuyo muli ndi mwayi kuposa mnyamata amene wangotuluka kumene m'kalasi, chifukwa mavuto a netiweki ya dziko lino mumawagwira ndi manja. Dziko lathu lilibe gombe la nyanja yamchere, choncho intaneti yathu yambiri imadalira nthambo za pansi pa nyanja monga SEACOM, yomwe inayamba kugwira ntchito mu 2009, ndi EASSy ya mu 2010, ndipo imatifika kudzera m'maiko oyandikana nafe monga Tanzania ndi Mozambique. Mu Meyi 2024 nthambo ziwirizi zinaduka nthawi imodzi, ndipo ambiri tikukumbukira momwe intaneti inakwawira masiku amenewo. Funso lakuti makampani athu agawe bwanji njira zawo kuti nthambo imodzi ikaduka dziko lisaime ndi kafukufuku wokwanira mastazi. Chimodzimodzinso nkhani ya magetsi. Namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, kuzima kwa magetsi kunakula, ndipo inu mukudziwa bwino kuposa ine dizilo amene nsanja zinkamwa. Kuwerengera bwino kukula kwa sola ndi mabatire oyenera nsanja ya kumudzi, poganizira kuti anthu amaimba kwambiri nthawi yanji, ndi ntchito imene kampani iliyonse ya mafoni ingaifune. Palinso kubwera kwa Starlink m'dziko muno mu 2023, komwe kwadzutsa funso la momwe intaneti ya setilaiti ingagwirire limodzi ndi nsanja zimene zilipo kale.

Musaganize kuti kafukufuku wotere sanachitikepo kuno kwathu. Mu 2013 akatswiri a ku Chancellor College, mogwirizana ndi MACRA ndi bungwe la ICTP la ku Trieste m'dziko la Italy, anayesa kutumiza intaneti ku Zomba kudzera m'mafunde a wailesi yakanema amene sankagwiritsidwa ntchito. Ndiponso ofesi ya UbuntuNet Alliance, bungwe lolumikiza manetiweki a mayunivesite a kummawa ndi kummwera kwa Africa, ili ku Lilongwe. Choncho musanaganize za ndege, kaonaneni ndi aphunzitsi ku MUBAS, yomwe kale inali Polytechnic, kapena ku MUST ku Thyolo, mufunse za maphunziro a kafukufuku amene mungachite musanachoke pa ntchito. Chovuta chake n'chakuti zipangizo zina zoyesera mafunde n'zodula kwambiri, ndipo si labu iliyonse imene ili nazo.

Kunena za ndalama, malangizo anga ndi akuti musapite kunja podalira malipiro a m'makwacha kapena malonjezo a achibale. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene ankalipiriridwa kuchokera kumudzi anaona ndalama yawo ikuchepa mphamvu tsiku limodzi. Sikolashipu ya Chevening imalipira mastazi ya chaka chimodzi ku Britain, imafuna kuti munthu akhale atagwirapo ntchito zaka ziwiri, zimene inu mwakwanitsa kale, ndipo imalamula kuti mukamaliza mubwerere kwanu kwa zaka zosachepera ziwiri. Mafomu ake amatumizidwa pafupifupi chaka chathunthu maphunziro asanayambe. Ku Kigali kuli Carnegie Mellon University Africa, yomwe imaphunzitsa mastazi ya uinjiniya wa zamagetsi ndi makompyuta, ndipo ophunzira ena kumeneko amathandizidwa ndi Mastercard Foundation. Ku South Africa ndalama zambiri za kafukufuku zimadzera mwa mphunzitsi wokuyang'anirani, chomwe ndi chifukwa china chomusankhira mosamala. Dziwaninso kuti kumeneko digiri yanu iyenera kuyamba yaunikidwa ndi SAQA, bungwe lounika mapepala a maphunziro, ndipo viza ya wophunzira situluka popanda inshuwalansi ya zachipatala yovomerezeka m'dzikomo. Pa za ntchito yanuyo, pemphani tchuthi cha maphunziro, ngakhale chosalipidwa, m'malo molemba kalata yosiya, pakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Tsopano za moyo wa pa yunivesite. Iwalani phokoso la m'hostelo ndi mizere ya ku kafiteriya imene munazolowera pa digiri yoyamba. Wophunzira wa mastazi ya kafukufuku amapatsidwa desiki m'chipinda cha anthu ochepa, kompyuta, ndi kadi yotsegulira chitseko usana ndi usiku. Palibe amene amaitana maina m'mawa. Mungathe kukhala sabata yathunthu osaonekera popanda wokufunsani, ndipo ufulu umenewu ndi umene umagwetsa anthu ambiri anzeru. Tsiku lanu lidzakhala lowerenga mapepala a kafukufuku osindikizidwa ndi IEEE (bungwe la akatswiri a zamagetsi ndi makompyuta), kusiya pulogalamu ikuyenda usiku wonse, n'kupeza m'mawa kuti munalakwitsa nambala imodzi ndipo muyenera kuyambiranso. Malo m'hostelo amakhala ochepa, choncho ambiri amachita lendi chipinda pafupi ndi sukulu, monga ku Braamfontein kwa ophunzira a ku Wits, n'kumadziphikira okha. Ufa ndi wosasowa ku South Africa, nsima simudzaisowa, koma konzekerani kuzizira kwa Juni ndi Julaye ku Johannesburg, komwe kumalowa mpaka m'mafupa. Ndalama yapadera imapezeka pothandiza ophunzira a digiri yoyamba m'malabu ndi kuchonga ntchito zawo, ndipo ku South Africa ngakhalenso ku Britain lamulo limalola wophunzira wakunja kugwira ntchito maola osapitirira 20 pa sabata pa nthawi ya maphunziro.

Nkhani ya banja ndiyo yolemera kuposa zonsezi, ndipo muyenera kuikambirana ndi mayi a kunyumba musanatumize fomu ngakhale imodzi, osati kuwauza kalata yokuitanani itafika kale. Kuyambira mu Januwale 2024, dziko la Britain silikulolanso ophunzira a mastazi ya m'kalasi kutenga mabanja awo, kupatula amene akulipiriridwa ndi boma, ndipo ngakhale pamene n'zololedwa, ndalama ya sikolashipu kawirikawiri imawerengedwa pa munthu mmodzi. Kwa munthu wa mwana wamng'ono ngati inu, ine ndingasankhe mastazi ya kafukufuku m'chigawo chathu chino, pa mutu wochokera ku nsanja zanu zomwe. Basi ya ku Johannesburg imafika ku Blantyre kudzera pa Mwanza, ndipo ngati kafukufuku wanu akufuna kuyeza mafunde ndi magetsi a nsanja za ku Chikwawa kapena ku Mulanje, miyezi ina mudzakhala muli kunyumba mukugwira ntchito ya sukulu. Chilolezo chogwiritsa ntchito manambala a kampani yanu muchipemphe molemba kalata mudakali pa ntchito, chifukwa yunivesite idzafuna kuchiona musanayambe kusonkhanitsa chilichonse.