Filimu ya bomba imene inandikumbutsa gaga wa 2002

Achemwali ena anditumizira imelo sabata yatha. Mwana wawo wamwamuna wa zaka 15 watengeka ndi mafilimu aja a dziko litapsa ndi mabomba a nyukiliya, anyamata a minofu akuthamangitsana pa njinga zamoto, mfuti kumsana. Ndiye tsiku lina ali pa nsima wawafunsa kuti, "Amayi, nkhondo yoteroyo itabwera ifeyo tingapulumuke?" Iwo akufuna ndiwatchulire mafilimu oonetsa anthu wamba, mmene angakhalire bomba litagwa.

Achemwali, ndikuyankhani ndithu. Koma mundilole ndidzere kaye kwina, chifukwa funso lanuli landiponda pachilonda.

Ine filimu yotchedwa Threads ndinaidziwira ku ntchito. Ndinkagwira ya usiku pa nyumba ina yosamalira okalamba ku Sheffield, ku England, ndipo kunali agogo ena osagona, a nkhani ngati wailesi. Usiku wina ndikuwapatsa tiyi anandiuza kuti mzinda wawowu unaphulitsidwapo pa kanema, ndipo anthu a m'tauni momwemo ndi amene anadzipereka kukavala sanza n'kudzola zonga magazi kuti akhale ovulala. Ndinkayesa ndi za ukalamba. Ayi, zinali zoona. BBC inaionetsa mu September 1984, wolemba anali Barry Hines, woitsogolera Mick Jackson. Ndinaionera ndekha pa laputopu tsiku lopuma, mbale ya mpunga ili pamiyendo. Mpungawo unathera m'bini.

Imayamba ngati nkhani ya kwathu konkuno. Mtsikana Ruth ndi mnyamata Jimmy apatsana mimba asanakonzeke, makolo a mbali ziwiri akumana mwamanyazi, awiriwo apeza kanyumba n'kuyamba kukakonza. Za mkangano wa America ndi Soviet Union wolimbirana Iran zikungomveka chakumbuyo pa wailesi, palibe akuzimvera, monga timachitira ife nkhani zikamawerengedwa tili kalikiliki ndi ndiwo. Kenako m'mawa wina bomba. Jimmy athamanga kukafuna Ruth, ndipo sitimuonanso. Basi. Mnyamata amene mumayesa kuti ndiye mwini filimu wangosowa ngati ndalama yogwera m'chimbudzi. Akuluakulu a khonsolo amene anayenera kugawa chakudya atsekeredwa m'chipinda cha pansi pa nyumba ya khonsolo, akukalipirana pa lamya mpaka onse kufera momwemo. Ruth aberekera yekha m'khola, mchombo adula ndi mano.

Pali malo ena pamene Ruth akupeza makoswe akufa oti akadye. Apa ndivomere, ndinayamba ndaseka. Ndinati azungu inu, ife mbewa timachita kugula pamsewu wa ku Lilongwe, zomanga pa kamtengo, ndipo ndi ndiwo za ulemu wake. Koma kuseka kunandithera msanga, chifukwa aliyense wokulira kumudzi akudziwa kuti mbewa ndi khoswe n'zosiyana. Mbewa umakumba kutchire mwa kufuna kwako. Khoswe wa m'nyumba ukayamba kumuyang'ana ngati ndiwo, ndiye kuti zinthu zafika pena.

Chakumapeto, patapita zaka, amaonetsa anthu ali m'munda ndi makasu, atazyolika, opanda thirakitala, opanda magetsi. Ndinapsa mtima. Ndinaimitsa filimu n'kuima pawindo. Ndinati kodi kutha kwa dziko kumene anthu awa akuopa ndi kumeneku? Khasu? Agogo anga agwira khasu moyo wawo wonse ku Kasungu, magetsi sanawayatsepo m'nyumba mwawo, ndiye iwowo akukhala kumapeto a dziko? Mkwiyo umenewo ndinakhala nawo masiku angapo, mpaka ndinaimbira mchimwene wanga kumuuza kuti azungu apanga filimu yoopsa ya Lachiwiri wamba la agogo.

Iye sanaseke. Anangoti, "Ukukumbuka mtondo wa amayi mu 2002?"

Ndinali ndi zaka 14 chaka chimenecho. Amene munali ku Kasungu, ku Dowa, ku Mchinji mu January ndi February mukudziwa. Tinadya gaga, gaga atatha tinadya mizu ya nthochi yosinja, nkhwani wopanda nsima, kenako chitibu cha chimanga chosakhwima chimene chimangotsegula m'mimba. Koma zimenezo si zimene mchimwene wanga ankanena. Amayi atapeza kachimanga pang'ono, ankasinja usiku, m'nyumba, atayala chiguduli pansi pa mtondo kuti anansi asamve. Amayi omwewo amene munthu wodutsa pamsewu ankamuitana kuti afike adzasambe m'manja. Tinkadya chitseko chotseka, osayankhula, ndipo wina akati odi panja tinkabisa mbale pansi pa mphasa. Pamaliro anthu anayamba kuchepa. Adzukulu analibe mphamvu zokumbira manda akuya. Bambo wina wa mudzi woyandikana anagwidwa ndi zisononkho zitatu za chimanga chachiwisi, ndipo zimene anamuchita anthu opemphera naye tchalitchi chimodzi sindizilemba pano.

Ndiye ndinabwerera ku filimu ija n'kuona kuti ndinaiphonya. Choopsa mmenemo si khasu. Anthu a m'munda muja sakuyankhulana. Palibe nyimbo, palibe wobwereka mbewu kwa mnzake, palibe wofunsa kuti mwadzuka bwanji. Ruth agwa m'munda, atakalamba nthawi yake isanakwane, maso atachita ng'ala, ndipo akamwalira mwana wake Jane angotenga tinthu take n'kumapita. Palibe kulira, palibe maliro. Ana obadwa bomba litagwa ngakhale chiyankhulo chawathawa, amangotulutsa timawu toduka ngati akulumana. Agogo anga ali ndi khasu, inde, koma ali ndi mbewu ya makolo m'nkhokwe, ali ndi mfumu, ali ndi anthu odzawalira. Mu 2002 ndinaona zimenezi zikuyamba kumasuka kwa miyezi iwiri yokha, ndipo mpaka lero ndikamva mtondo usiku mtima umagunda.

Ifeyo chinatipulumutsa n'chiyani? Chimanga chinacha mu April, ndipo pambuyo pake magalimoto a chithandizo anafika. Ngakhale namondwe Freddy atakokolola Chilobwe mu March 2023, kunali kwina kumene kunali bwino, kumene kunachokera mabulangete ndi ufa. Mu Threads mulibe kwina. Palibe galimoto ikubwera. N'chifukwa chake ndimadana nawo mafilimu a njinga zamoto aja, ndipo ndinene mosapsatira kuti ndi bodza loipa. Amaphunzitsa mwana kuti tsoka ndi mpikisano, wamphamvu ndi wochenjera apambana. Amene anaonapo njala akudziwa kuti wamphamvu ndi amene amayamba kutupa miyendo, chifukwa ndi amene amayenda mitunda kufuna ganyu ali ndi m'mimba mopanda kanthu. Komanso mafuta a njinga zimenezo amawagula kuti? Ife kuno sitima ikangochedwa pa doko la Beira, mizere ya pa filing'i siteshoni imafika kumsika.

Ndipo pamenepa mpamene pali yankho la mwana wanu, achemwali. Sindikuganiza kuti alipo angawononge bomba lake pa Lilongwe. Ife chingatipeze ndi utsi. Mu 1983 Carl Sagan ndi anzake asayansi anafotokoza kuti mizinda yambiri itapsa nthawi imodzi, mwaye wake ungakwere kumwamba kwambiri n'kutchinga dzuwa, dziko n'kuzizira, mbewu n'kukanika ngakhale kumayiko kumene sikunagwe bomba. Chimanga sichicha popanda dzuwa. Onjezani feteleza, mafuta ndi mankhwala a kuchipatala, zonse zochokera kunja. Nkhondo ya ku Ukraine itayamba mu 2022, ya zida wamba, tonse tinaona thumba la feteleza mmene linakwerera. Komanso tisamati nkhaniyi ndi ya azungu okha. Miyala ya uranium yambiri imene America inapangira bomba la ku Hiroshima inakumbidwa ku Shinkolobwe, ku Katanga m'dziko la Congo, kuseri kwa Zambia kumeneku. Nafenso uranium tili naye ku Kayelekera, ku Karonga.

Ndatalikitsa.

Mafilimu ake tsopano

Yambani ndi When the Wind Blows ya 1986. Ndi katuni, yochokera m'buku la Raymond Briggs, koma isakupusitseni. Agogo awiri a kumudzi ku England, Jim ndi Hilda, akutsatira mokhulupirika kabuku ka boma: azula zitseko n'kuzitsamiritsa kukhoma kuti akabisale kuseri kwake, apaka mawindo penti yoyera. Bomba litagwa akungodikira kuti akuluakulu abwera, akumwa madzi a mvula osadziwa kuti ali ndi poizoni, nkhama zikutuluka magazi, tsitsi likuthothoka, iwo akulimbikitsanabe. Imeneyi mwana wa zaka 15 angathe kuonera muli naye pambali. Ine inandiliza kuposa zonse, chifukwa Jim ali ngati atate anga enieni, munthu wokhulupirira kuti chilichonse cholembedwa pa pepala la boma n'choona.

Testament ya 1983 ilibe moto kapena mabwinja. Ndi mayi wa ana atatu m'katauni ka ku California, mwamuna anapita ku ntchito osabwerako, ndipo anthu akungotha mmodzimmodzi ndi radiation, poizoni wosaoneka amene bomba la nyukiliya limasiya. Pali pamene mayiyo akusoka nsalu yokulunga mtembo wa mwana wake. Inu monga mayi, imeneyi muonere panokha kaye.

The Day After, ya chaka chomwecho, ndi yotchuka kuposa zonsezi. Anthu pafupifupi 100 miliyoni anaionera usiku umodzi ku America pa 20 November 1983, ndipo Ronald Reagan, pulezidenti wa dzikolo panthawiyo, analemba m'buku lake la tsiku ndi tsiku kuti inamufooketsa kwambiri. Mu 1987 anasainirana ndi Gorbachev, mtsogoleri wa Soviet Union, pangano lochotsa gulu lina la mizinga ya nyukiliya. Kaya filimu inathandizapo bwanji, koma anaionera. Kwa ine ndi yofewa poyerekeza ndi Threads, ili ndi kafungo ka Hollywood.

Imene ndimaikonda mwapadera ndi ya ku Japan, Black Rain ya Shohei Imamura, ya 1989, chifukwa anthu amenewo sakuyerekeza. Bomba linagwadi pa Hiroshima pa 6 August 1945, ndipo chaka chisanathe anthu pafupifupi 140,000 anali atafa. Filimuyi ikutsata mtsikana Yasuko amene anavumbwa ndi mvula yakuda ija inagwa bomba litaphulika. Patapita zaka zisanu akuoneka wathanzi, koma aliyense wofuna kumukwatira akangomva mphekesera amabwerera, ndipo amalume ake akulimbana ndi kusonkhanitsa umboni woti mwanayu ali bwino. Amene tinakula m'zaka zimene munthu akaonda pang'ono mudzi wonse unkanong'onezana, kusalidwa kumeneku sitifunika kuti wina atimasulire.

Threads isiyeni komaliza, muyambe mwaionera nokha masana, musanaganize zomuonetsa mwana. Mathero ake ine sindingamuonetse wa zaka 15, koma mwana ndi wanu.

Pofufuza Black Rain musamale, chaka chomwecho kunatulukanso ina ya dzina lomweli, ya Michael Douglas, ya apolisi ndi zigawenga ku Osaka. Mchimwene wanga anaonera imeneyo mpaka kumapeto n'kundiimbira kufunsa kuti bomba lija ligwa nthawi yanji.